Mayi wa ku Dzaleka ndi nkhope ya 1994 pa Mbare Musika: lipoti la mlangizi wa zamalamulo

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timalangiza anthu pa zamalamulo muno mu Harare, makamaka inu amene mumalandira anthu athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth. Ntchito yathu ya masiku onse ndi ya zitupa zolembedwa kuti mwini wake ndi mlendo chikhalirecho anabadwira konkuno, ziphaso za kubadwa, chuma cha masiye ndi malandilodi othamangitsa anthu pakati pa mwezi. Nkhani ino ndi ya mtundu wina. Mwini nkhani wavomera kuti ndilembe, koma dzina lake, kumene amakhala ndi mudzi wa kwawo sinditchula. Amene akumuloza chala sindimutchulanso, poti palibe bwalo limene lamupeza wolakwa.

Zimene anabwera nazo

Mayiwa ndi Mtutsi wa kum'mwera kwa Rwanda. Mu Epulo 1994 anali mtsikana wa kusekondale. Atapulumuka anadzera ku Tanzania mpaka kukafika ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, kumene anakhala zaka zambiri, n'chifukwa chake Chichewa chawo n'chosalala kuposa cha ife obadwira kuno amene timachisakaniza ndi Chishona. Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki wa ku Malawi, n'kubwera naye ku Harare. Mwamunayo anamwalira. Pano mayiwa amapikula tomato ndi anyezi ku Mbare Musika n'kumakagulitsa kudera kwawo, amapemphera ndi anthu athu, ndipo amasonkha nawo m'bungwe la maliro.

Kumsika kumeneko n'kumene anamuona, chakumayambiriro kwa 2025, m'mamawa malole a mbatatesi akutsitsa katundu. Choyamba anamva mawu: bambo wina akukalipira munthu pa foni m'Chinyarwanda. Atacheuka anaona munthu wa imvi akuyang'anira anyamata onyamula matumba. Akuti miyendo inazizira, beseni linagwa. Iwo akunenetsa kuti ndi yemwe uja ankaima pa chipika chotseka msewu pafupi ndi sukulu ya kwawo, pepala la mayina lili m'manja. Masiku amenewo chitupa cha ku Rwanda chinkalemba mtundu wa munthu, Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa, ndipo pa zipika zoterezi chitupacho n'chimene chinkaweruza. Bambo awo ndi alongo awo awiri anawapatula pomwepo, sanaonekenso. Pakati pa Epulo ndi Julayi chaka chimenecho anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku 100 okha.

Anamuonanso kangapo pamalo omwewo asanauze munthu. Kenako anakauza mkulu wa mpingo wawo, bambo achikulire obadwira ku Mbare koma makolo awo ndi a ku Dedza. Bambowa ndi amene anawaperekeza kwa ine.

"Ndikufuna amangidwe apite ku Hague," anatero mayiwa atangokhala pansi.

Bambo aja anapukusa mutu. "A loya, auzeni zoona mayiwa. Kwathu amati mlandu suola, inde. Koma mu mzinda uno? Mmene Mengistu wa ku Ethiopia wakhalira kuno zaka zonsezi, ndani angataye nthawi kuthamangitsa wogulitsa mbatatesi?"

Funso la mayi linali losavuta kuyankha. La bambowa ndi limene latalikitsa lipotili.

Zitseko zotseka

Ku Hague mlanduwu sungapite. Khoti la kumeneko la ICC, khoti la mayiko lozenga anthu pa milandu ikuluikulu ngati yopulula mtundu, linayamba ntchito pa 1 Julayi 2002, ndipo pangano la Rome limene linalikhazikitsa silililola kuzenga chilichonse chimene chinachitika tsikulo lisanafike. Rwanda si membala wake. Zimbabwe inasaina panganolo mu 1998 koma sinalivomereze mpaka lero. Anthu ambiri amasokonezanso khotili ndi linzake la mumzinda womwewo, la ICJ, limene linamveka kwambiri pamene South Africa inasumira Israel pa 29 Disembala 2023 pa za ku Gaza. ICJ imaweruza maboma, simanga munthu, ndipo wosuma amayenera kukhala boma, monga mmene Gambia inasumira Myanmar mu 2019 pa za Arohingya. Mayi wa pamsika alibe mpando kumeneko.

Khoti limene linapangidwira za ku Rwanda linali ku Arusha. Komiti ya Chitetezo ya United Nations inalikhazikitsa pa 8 Novembala 1994. Ndi limene pa 2 Sepitembala 1998 linapeza Jean-Paul Akayesu, yemwe anali meya wa Taba, wolakwa pa mlandu wopulula mtundu wa anthu, koyamba kuti khoti la mayiko ligamule mlandu wotere. Jean Kambanda, nduna yaikulu ya boma limene linatsogolera kuphako, anavomera yekha mlandu n'kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Koma khotili linaimba mlandu anthu 93 okha, akuluakulu okhaokha, ndipo linatseka mu Disembala 2015. Zotsala zinapita ku ofesi yomalizitsa ntchito imene amangoitchula kuti Mechanism. Ofesiyi sitsegula milandu yatsopano ya kupulula mtundu, ndipo mu Meyi 2024 inalengeza kuti onse amene ankafunidwa ndi Arusha apezeka, ena amoyo, ena atafa kale. Mndandanda wawo ndinauyang'ana limodzi ndi mayiwa. Dzina limene iwo amamudziwa nalo munthuyu mulibe, ndipo sindinadabwe. Oima pa zipika anali zikwizikwi, milandu yawo inasiyidwa m'manja mwa makhoti a ku Rwanda ndi mabwalo a m'midzi a gacaca, amene pofika 2012 pamene ankatseka anali atamva milandu pafupifupi 2 miliyoni.

Zimene lamulo likunena, ndi njira zotsala

Pa pepala mayiwa ali ndi mphamvu zonse. Pangano la pa 9 Disembala 1948 likuti kupha, kuvulaza kapena kuzunza anthu n'cholinga chothetsa fuko, mtundu, khungu kapena chipembedzo chawo, onse kapena gawo lawo, ndi mlandu umene dziko lililonse lolowa m'panganolo lalonjeza kuuletsa ndi kuulanga. Ndime 4 ikuti wolakwa alangidwe kaya ndi wolamulira dziko, kaya wogwira ntchito m'boma, kaya munthu wamba. Ndime 7 ikuti dziko lisakane kubweza munthu ponamizira kuti mlandu wake ndi wandale. Zimbabwe inalowa m'panganoli mu 1991, Malawi mu 2017. Ndipo pa za ku Rwanda palibenso wotsutsa: mu 2006 majaji a apilo a khoti la Arusha anagamula kuti kupululidwa kwa Atutsi ndi chinthu chodziwika chosafunanso umboni. Chotsala pa mlandu uliwonse n'kuonetsa zimene munthu ameneyu, osati wina, anachita ndi manja kapena pakamwa pake.

Njira yoyamba, imene ndikuiona kuti ingayende, ndi ya Kigali. Ofesi yozenga milandu ya boma la Rwanda ili ndi nthambi yosaka othawa mlanduwu, ndipo yatumiza zikalata zoposa 1,000 kumayiko osiyanasiyana. Ikakhutira ndi umboni, imalemba mlandu n'kupempha dziko limene munthuyo ali kuti limubweze. Kuno pempho lotere limayenda motsatira Extradition Act: limafikira kwa nduna, kenako majisitireti amamva mbali zonse, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wochita apilo. Rwanda inathetsa chilango cha imfa mu 2007, makamaka pofuna kuti mayiko asamakane kubweza anthu. Komabe ena amakana. Mu 2017 khoti lalikulu ku London linakana kubweza amuna asanu ponena kuti mlandu wawo sukazengedwa mwachilungamo. Loya wa munthu wathuyu, ngati zitafika pamenepo, adzayambira pa chigamulo chimenecho.

Njira yachiwiri ndi yoti amuzengere konkuno. Zimbabwe ili ndi lamulo lakelake, Genocide Act, la mu 2000. Vuto ndi chaka: zimene mayiwa akunena ndi za 1994, ndipo ndime 70 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kulanga munthu pa chinthu chimene sichinali mlandu pa nthawi imene chinkachitika. Wina anganene kuti kupulula mtundu unali kale mlandu pa malamulo a mayiko, ndipo ine ndikugwirizana naye, koma mkangano umenewo ungadye zaka mboni isanalumbire n'komwe. Mayiko amene azengapo Anyarwanda kwawo, monga Belgium mu 2001, Canada mu 2009 ndi France mu 2014, anachita kutumiza apolisi ndi majaji ku Rwanda, kukwezanso mboni ndege. Ndalama zotere sindikuziona kuno.

Njira yachitatu ndi yonyozeka koma ndi imene yagwira ambiri: mapepala. Ndime 1F ya pangano la othawa kwawo la 1951 ikuti woganiziridwa mlandu wotere sayenera chitetezo cha wothawa kwawo, choncho amene anachipeza ananama penapake. Fulgence Kayishema, woimbidwa mlandu wa anthu oposa 2,000 ophedwa m'tchalitchi cha Nyange, atagwidwa pa famu ya mphesa ku Paarl mu Meyi 2023, milandu yoyamba imene anamuwerengera ku Cape Town inali ya chinyengo ndi ya zolowa m'dziko. Kwathu ku Malawi, Vincent Murekezi, wofunidwa ku Rwanda pa za 1994, anachita bizinesi ku Lilongwe zaka zambiri ali ndi pasipoti ya Malawi, anagwa pa mlandu wa katangale, ndipo mu Januwale 2019 anatumizidwa ku Rwanda.

Gunhill ndi Granville

Tsopano funso la mkulu wa mpingo. Sindinafune kulizemba, chifukwa mzinda uno uli ndi zitsanzo ziwiri zimene aliyense wophunzira za malamulowa amayenera kuzidziwa, ndipo mayiwa anayenera kuzimva asanaike dzina lawo pa pepala lililonse.

Mengistu Haile Mariam, yemwe ankalamulira Ethiopia, anafika mu Harare mu Meyi 1991, asilikali oukira boma lake atatsala pang'ono kulowa mu Addis Ababa. Ndi mwezi womwewo umene Zimbabwe inalowa m'pangano la 1948. Mlandu wake unayamba ku Ethiopia mu 1994 iye kulibe, unatenga zaka 12, ndipo mu Disembala 2006 anapezeka wolakwa pa mlandu wopulula anthu, makamaka pa kupha kwa 1977 ndi 1978 kumene amakutcha Red Terror. Poyamba anamulamula ndende moyo wonse, koma mu Meyi 2008 khoti lalikulu linasintha kuti aphedwe. Iye ali phee ku Gunhill muno mu Harare. Pamene anapita ku South Africa kukalandira chithandizo mu 1999, mabungwe a ufulu wa anthu anafuula kuti amangidwe, koma anabwerera bwinobwino.

Amene akufuna kuteteza boma pa nkhaniyi ali ndi pogwira. Mlandu unazengedwa mwini wake kulibe. Lamulo la Ethiopia limawerengera ngakhale kupha anthu a chipani china ngati kupulula mtundu, pamene pangano la 1948 linasiya dala magulu andale, ndipo ambiri ophedwa ndi boma la Mengistu lotchedwa Derg anali ophunzira ndi otsutsa boma. Chinanso, kumapeto kwa Disembala 2024 Zimbabwe inathetsa chilango cha imfa, choncho kupereka munthu wokaphedwa kwavutirapo. Koma zonsezi ndi zifukwa za maloya. Kupha ndi mlandu ku Ethiopia ndi kuno komwe, ndipo dziko lofunadi kubweza munthu limapempha lonjezo loti sakaphedwa. Chifukwa chenicheni boma linachinena lokha chigamulo chitatuluka: Mengistu anathandiza omenyera ufulu wa dziko lino, ndiye ndi mlendo wa boma. Mu Meyi 2022 nduna ya zakunja Frederick Shava inanena kuti Ethiopia itapempha, boma lidzachitapo kanthu. Chichokereni mawu amenewo, palibe chasuntha.

Chimene chinayankhulitsa ndunayo ndi chitsanzo chachiwiri. Pa 12 Meyi 2022 Serge Brammertz, mkulu wozenga milandu wa Mechanism, analengeza kuti Protais Mpiranya wapezeka. Ameneyu ankatsogolera asilikali olondera pulezidenti wa Rwanda mu 1994, ndipo ankaimbidwa mlandu wa imfa ya nduna yaikulu Agathe Uwilingiyimana ndi asilikali 10 a ku Belgium pa 7 Epulo. America inalonjeza mpaka madola 5 miliyoni kwa womuulula. Ofufuza anapeza kuti anamenya nawo nkhondo ya ku Congo kumbali imene kunalinso asilikali a Zimbabwe, anabwera kuno mu 2002, ndipo anamwalira mu Harare pa 5 Okutobala 2006 ndi chifuwa chachikulu cha TB. Anaikidwa ku manda a Granville, kuja timati ku Mbudzi, pa dzina loti Sambao Ndume, mwala wa pamanda utalembedwa m'Chifalansa. Anachita kumufukula n'kupima DNA. Nditatchula za Mbudzi mkulu wa mpingo anangoti, "Komwe tinaika mayi a kunyumba kuja?" Komweko. Bungwe lililonse la maliro la anthu athu lili ndi mizere yake kumeneko.

Pa Mpiranya panalibe chifukwa cha maloya chilichonse. Khoti la Arusha linakhazikitsidwa pansi pa mutu 7 wa malamulo a United Nations, umene umamanga dziko lililonse, losaina ndi losasaina lomwe. Chikalata chomumangira chinalipo. Komabe anakhala kuno zaka zinayi, anadwala, anamwalira, wina anamulembera chilolezo cha maliro, ndipo dziko lonse linapitiriza kumusaka zaka zina 15 ali m'dothi. Boma la Zimbabwe linakana kuti linamubisa, linanenanso kuti linathandiza pofukula. Ofufuza a United Nations anali atadandaula kwa zaka zambiri kuti thandizo likuchepa. Pamenepa ndi pamene malamulowa amaonekera kufooka kwake: khoti la mayiko lilibe wapolisi ngakhale mmodzi. Limalemba chikalata, koma unyolo uli m'thumba la dziko limene munthuyo wakhala. Ndinenenso maganizo anga: boma limene m'nyumba mwake muli nkhani ya Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu ambiri ku Matabeleland ndi asilikali a boma kuyambira 1983 mpaka 1987, limene lipoti la komiti ya Chihambakwe yofufuza nkhaniyo silinalitulutsebe, silingathamangire kuzolowetsa makhoti ake milandu ya mtundu uwu.

Za atsogoleri

Bambowa sanathere pomwepo. "Nanga si khoti la azungu lozenga anthu akuda limenelo? Bingu anakana bwanji kumanga al-Bashir?"

Nkhani ya Malawi ndi imene ndimaphunzitsira, chifukwa lamulo silinasinthe koma zochita zinatembenuka m'miyezi isanu ndi itatu. Omar al-Bashir wa ku Sudan anali ndi zikalata ziwiri za ICC pa za ku Darfur, cha pa 4 Malichi 2009 ndi cha pa 12 Julayi 2010, chachiwiricho cha kupulula mitundu. Mu Okutobala 2011 anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA, analandiridwa ndi ulemu wonse, n'kubwerera. Malawi, membala wa ICC kuyambira 2002, inati pulezidenti wolamulira samangidwa, inatinso African Union inauza mayiko ake mu 2009 kuti asamugwire. Pa 12 Disembala 2011 majaji a ICC anagamula kuti Malawi yaphwanya pangano, n'kukaineneza ku Komiti ya Chitetezo, imene sinachite kanthu. Chimene chinaluma ndi ndalama: mu Malichi 2012 bungwe la America la Millennium Challenge Corporation, poimitsa thandizo la magetsi la madola 350 miliyoni, linatchula ulendo wa al-Bashir pakati pa zifukwa zake. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo, Joyce Banda ananena kuti al-Bashir asabwere ku msonkhano wa African Union wa mu Julayi. Bungwelo linaumirira, Malawi inakana, msonkhano unasamukira ku Addis Ababa. Ena anati mayi analimba mtima, ena anati anagonjera opereka thandizo. Ine ndikuona kuti zonse ziwiri n'zoona.

South Africa inachita manyazi koposa. Mu Juni 2015, Robert Mugabe ali wapampando wa African Union, al-Bashir anafika ku Johannesburg. Khoti la ku Pretoria linalamula kuti asatuluke m'dziko, koma ndege yake inanyamuka pa bwalo la asilikali la Waterkloof majaji akumvabe nkhaniyo. Al-Bashir anagwa pampando mu Epulo 2019, ndipo ku Hague sanafikebe.

Pa za chitetezo cha atsogoleri, lamulo lili ndi nthambi ziwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa polangiza anthu. ICJ inagamula mu 2002, pa mlandu wa Congo ndi Belgium, kuti khoti la dziko lina silingamange nduna ya zakunja imene ili pa udindo, ndipo zimenezi zimakhudzanso pulezidenti. Koma ndime 27 ya pangano la Rome ikuti pamaso pa ICC udindo suteteza munthu, ndipo majaji a apilo anatsindika izi mu Meyi 2019 pa nkhani ya Jordan, dziko limene nalonso silinamange al-Bashir. Mayiko amangosankha nthambi yowakomera tsiku limenelo. Vladimir Putin ali ndi chikalata cha mu Malichi 2023. Ku Johannesburg sanabwere mu Ogasiti chaka chimenecho, koma ku Mongolia anapita mu 2024 n'kubwerako. Benjamin Netanyahu ali ndi cha mu Novembala 2024, ndipo Hungary inamulandira mu Epulo 2025. Mayina awiriwa akuyankha pang'ono zoti khotili n'la anthu akuda okha, komanso milandu ya Uganda, Congo, Central African Republic ndi Mali anaipereka ndi maboma a mayikowo. Komabe bambowa sakulakwa kwenikweni. America, Russia ndi China si mamembala, koma amavota pa zotumiza ena ku khotilo, ndipo mu 2014 Russia ndi China anatsekereza nkhani ya Syria. Ifenso a mu Africa tilibe ponyadira: pangano la ku Malabo la 2014, lofuna kupatsa khoti lathu mphamvu pa milandu yotere, linalembamo kuti mtsogoleri wolamulira asazengedwe.

Atsogoleri ambiri amene anafikadi pa bwalo anafika mphamvu zitawathera. Charles Taylor, yemwe anali pulezidenti wa Liberia, anapatsidwa zaka 50 m'ndende mu 2012. Hissène Habré wa ku Chad anakhala ku Dakar kuyambira 1990, anamangidwa mu 2013, ndipo pa 30 Meyi 2016 khoti lapadera la Senegal ndi African Union linamulamula ndende moyo wonse. Chimene chinamugwetsa ndinachifotokoza pang'onopang'ono kwa mayiwa, poti n'chimene chikuwakhudza: anthu amene anazunzidwa m'ndende zake anayamba kulemba maumboni awo kalekale, pamene panalibe khoti lililonse lofuna kuwamva, ndipo mphepo ya ndale itatembenuka mafayilo anali okonzeka. Wogulitsa mbatatesi alibe boma lomukumbatira ngati Mengistu. Kuchepa kwake kungachititse kuti asalabadiridwe, koma kungachititsenso kuti pempho litabwera pasapezeke womuikira kumbuyo.

Umboni, ndi zimene tachita

Apa ndinayenera kulankhula mawu owawa. Umboni umene ulipo ndi wa munthu mmodzi, wozindikira nkhope ndi mawu patapita zaka zoposa 30, amene pa nthawiyo anali mwana wogwidwa ndi mantha. Ine ndikuwakhulupirira kuti akunena zimene mtima wawo ukudziwa, koma khoti limafunsa zina: munali patali bwanji, kunali kowala bwanji, munkamudziwa kale kapena munamuona tsiku lomwelo. Mwayi wake, mayiwa ankamudziwa kale, anali munthu wa m'dera lawo, ndipo akudziwa dzina lake ndi la bambo ake. Zimenezi zimalemera kuposa nkhope. Tisaiwalenso kuti Anyarwanda ambiri okhala kunja sanaphe munthu, ena anathawa boma lomwe lilipoli, ndipo mabungwe a ufulu wa anthu akhala akudzudzula Kigali kuti imasakasaka otsutsa ake kunja. Kuloza munthu wolakwika pa mlandu uwu n'kumuphera moyo wake wonse.

Ndinawapempha kuti alembe okha zonse m'Chinyarwanda, osati m'Chichewa kapena m'Chingerezi, kuti mawu akhale awoawo, ndipo womasulira amene tinapeza si wa gulu la Anyarwanda a muno. Polemba tinalekanitsa zimene anaona ndi maso, zimene anamva ndi makutu pamalopo, ndi zimene anauzidwa pambuyo pake ku kampu. Mbali yachitatuyi inali yaitali kuposa mmene iwo ankaganizira, ndipo zinawapweteka kuona kuti imfa ya alongo awo ili m'gulu la zouzidwa. Anajambulanso mapu a msewu, sukulu ndi pamene panali chipika. Chikalatacho analumbirira pamaso pa wolumbiritsa, ndipo makope ake ali malo awiri osiyana.

Ndinawaletsa zinthu zingapo. Asamujambule, asamutsatire, asatume anyamata a pamsika kukafunsa dzina limene akugwiritsa ntchito pano. Mkulu wa mpingo ndinawapempha mwapadera: "Abambo, nkhaniyi isalowe pa WhatsApp ya mpingo kapena ya bungwe la maliro, ngakhale ngati pempho la mapemphero." Ikangotuluka, munthuyo adzawoloka malire pa Forbes kapena pa Nyamapanda usiku womwewo, kapena adzasumira mayiwa kuti amuipitsira mbiri, kapenanso zoipa kuposa apo. Bambowa anavomera, ndipo anakonza zoti mayi wina wa mumpingo ndiye azikapikula katundu ku Mbare kwa kanthawi.

Chimene chatiimitsa ndi mapepala a mayiwa eni ake, ndipo anzanga muchenjere nacho. Wothawa kwawo amene wayamba kudalira boma la dziko limene anathawa akhoza kuonedwa ngati wabwerera m'manja mwa bomalo, n'kutaya chitetezo chake. Kuwonjezera apo, bungwe la UNHCR linalangiza kuti kuyambira pa 30 Juni 2013 Anyarwanda amene anathawa pakati pa 1959 ndi 1998 asawerengedwenso ngati othawa kwawo, ndipo mayiko anatsatira langizoli mosiyanasiyana. Mayiwa anakhala kuno chifukwa cha ukwati, mwamuna anapita, ndipo chilolezo chawo chikufunika kukonzanso. Munthu wotere akakalowa yekha pa ofesi ya kazembe kapena ya apolisi ndi nkhani yaikulu chonchi, funso loyamba likhoza kukhala la iye mwini. Choncho tayamba ndi chilolezocho, kudzera mwa ana awo obadwira kuno.

Kalata yopita ku nthambi ya ku Kigali ndalemba kale, ipita m'dzina la ofesi yathu, yopanda adiresi ya mayiwa. Ikufunsa chinthu chimodzi choyamba: ngati dzina limeneli likupezeka m'mabuku a gacaca a dera lawo, poti mabwalo aja ankaweruzanso anthu amene anathawa. Ngati chigamulo chilipo kale, mlandu susenzedwanso ndi mayi mmodzi. Kope lina lipita ku ofesi ya wozenga milandu wa Mechanism, imene masiku ano imathandiza mayiko ndi umboni wosungidwa kuchokera ku Arusha. Zonsezi zinyamuka chilolezo chikatuluka, ndiponso mayiwa akasaina kuti avomera, chifukwa ndawauza kuti tsiku lina angadzafunike kuima pa bwalo munthuyo akuwayang'ana. Pali msuweni wawo amene anali pa chipika chomwecho, pano ali ku Lilongwe. Ndapempha loya mnzathu wa kumeneko kuti amufunse payekha zimene akukumbukira za tsikulo ndi amene anagwira pepala, osamuuza dzina limene mayiwa atchula kapena zoti munthuyo waoneka ku Harare.